Zilonda za Pakhosi ndi Mtima wa Mwana: Chidule cha Khutubah ya Jumu'ah ku Kazuni

Tikumuyamika Allah (Subhanahu wa Ta'ala) amene watisonkhanitsa tsiku lopatulikali. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Asilamu anzathu, ana ndi amana yomwe Allah watisungitsa, ndipo tsiku la Kiyama tidzafunsidwa m'mene tidaisamalira. Lero tikumbutsane za nthenda yomwe imayamba ngati yaing'ono: zilonda za pakhosi.

Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, ana athu amagona mothithikana ndipo ku madrasa amakhala moyandikana. Tizilombo totchedwa streptococcus timafala mosavuta potsokomola. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akapanda kulandira mankhwala, pakapita masabata awiri kapena atatu akhoza kuyamba kutentha thupi ndi kutupa m'mawondo ndi m'zigongono. Apa thupi, polimbana ndi tizilomboto, limavulaza zitseko za mtima zomwe zimaongolera magazi. Zikabwerezabwereza, mwana amakula ndi matenda a mtima a rheumatic: befu, kutupa miyendo, kulephera kulima. Kwa atsikana ngoziyi imakula akadzakhala oyembekezera.

Nthendayi ili pakati pathu. Kafukufuku yemwe adafalitsidwa mu 2016 adayeza ana 1,450 m'boma la Lilongwe, ndipo adapeza kuti oposa atatu pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro zake mumtima asakudziwa. Mu 2018 maiko a m'bungwe la WHO adagwirizana zolimbana nayo, poti ikupha anthu pafupifupi 300,000 pachaka, ambiri a m'maiko osauka.

Tichitenji tsono? Choyamba, mwana akadandaula pakhosi uku thupi likutentha, tipite naye kuchipatala msanga. Penicillin amapha tizilomboto mtima usadakhudzidwe. Mankhwalawo amalize onse ngakhale aoneke kuti wachira.

Chachiwiri, amene wapezeka kale ndi nthendayi amafunika jakisoni wa benzathine penicillin masabata anayi aliwonse kwa zaka zambiri. Asadumphitse, ngakhale m'mwezi wa Ramadhan, chifukwa maulama ambiri adagamula kuti jakisoni wosapereka chakudya m'thupi samasula swaumu.

Chachitatu, ulendo wochoka kuno kukafika ku chipatala cha boma ku Rumphi, kapena ku Mzuzu Central akatitumiza, umafuna ndalama. Tisalole mwana wamasiye kuphonya jakisoni chifukwa chosowa thiransipoti pomwe jamaa ilipo. Sadaka yathu iyambire pamenepo.

Abale ndi alongo, tawakkul yeniyeni ndi kuchita zomwe tingathe, kenako kuyadzamira mwa Allah amene amachiritsa. Dua ndi mankhwala ziyendere limodzi. Aphunzitsi a madrasa, mwana akamavutika kumeza kapena akamatsimphina popanda bala, auzeni makolo tsiku lomwelo.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, ateteze ana athu, ndipo atikhululukire pomwe tanyozera. Ameen.