Mankhwala Odziŵa Kumene Akupita



Mayi wina wa m'kalasi mwathu anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, chifukwa chiyani mchemwali wanga anathothoka tsitsi atalandira mankhwala a khansa?" Ndiyankhe pano kuti tonse timve.

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuswana mosaleka. Mankhwala amene madokotala akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri amapha maselo oswana msanga. Koma maselo a tsitsi ndi a m'kamwa nawonso amaswana msanga, ndiye amaphedwa limodzi. Zili ngati kuthira katupe m'dziŵe: nsomba zimene mukufuna zimafa, koma tiana ta nsomba natonso timafa. Komabe mankhwalaŵa apulumutsa anthu ambiri, ndipo tsitsi limameranso. Wodwala asaŵathaŵe.

Tsono akatswiri anafunsa: kodi sitingatumize poizoni kwa khansa yokha?

Inu mwaphunzira kulemba kalata. Mukalemba dzina pa envulopu, kalatayo imapitirira makomo ambiri, nikafika kwa mwini wake. Mankhwala atsopano amayenda chomwecho. M'magazi mwathu muli asilikali oteteza thupi, ndipo aliyense amazindikira chizindikiro chimodzi chokha. Akatswiri amapanga msilikali wodziŵa chizindikiro chimene chimachuluka pa maselo a khansa, nammangirira kaphukusi ka poizoni. Dokotala amaika mankhwalawo m'diripi. Msilikali uja amayenda m'magazi, akapeza chizindikiro chake amakakamira. Selo ya khansa imammeza, kaphukusi nkumasuka m'kati, seloyo nkufa.

Maganizo ameneŵa ndi akale. Dokotala wa ku Germany, Paul Ehrlich, anaŵalota zaka zoposa 100 zapitazo. Koma mankhwala oyamba a mtundu uwu analoledwa ku America m'chaka cha 2000, a khansa ya m'magazi. M'chaka cha 2013 kunabwera Kadcyla, a khansa ya m'maŵere. M'chaka cha 2021 kunabwera Tivdak, a khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri kuno ku Malaŵi kuposa khansa ina iliyonse.

Apa ndisakunamizeni. Nthaŵi zina kaphukusi kamamasuka panjira, ndipo Tivdak amavulaza maso a odwala ena. Amapatsidwa kwa amayi amene khansa yawo inafalikira kale. Pofufuza anapeza kuti masiku a moyo amene amawonjezera, poyerekeza ndi mankhwala akale, ndi ngati miyezi iŵiri. Ndiponso mtengo wake ndi woopsa. Kugulitsa usipa wa chaka chonse sikungakwanitse. Choncho munthu akabwera pamudzi ndi botolo, nkumati ndi mankhwala atsopano a khansa ochokera kunja, musampatse ndalama zanu.

Chimene chili pafupi nafe ndi ichi. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, ndipo imatenga zaka zambiri kuti ikule. Kuyambira chaka cha 2019 atsikana a m'dziko muno amalandira katemera woteteza ku kachiromboka, kuyambira a zaka 9. Amayi a zaka 25 mpaka 49 akayezetse. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo odwala amasanduka oyera. Akapezeka msanga, malowo amachizika. Pa chipatala cha boma salipiritsa.

Abambo, ine mkazi wanga ndinamperekeza ndekha, ndipo manyazi anandigwira panjira pokha. Amayi, ngati mukutaya magazi nthaŵi yosamba isanakwane, kapena mutakhala malo amodzi ndi abambo, musadikire. Funsani azaumoyo a m'dera lanu tsiku loyeza ku Chintheche kapena ku chipatala chachikulu cha Nkhata Bay. Tsikulo mulilembe nokha m'kope mwanu.