Zithunzi Zodinda ndi Kulimba Mtima

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, makamaka inu a ku Vubwi, Katete ndi Sinda, lero tikambirana za zithunzi zodinda. Mmisiri amasema chithunzi pa thabwa, napaka inki, kenaka amakanikizapo pepala. Malo osemedwa amatuluka oyera, osasemedwa amatuluka akuda. Thabwa limodzi limabala zithunzi zambirimbiri, choncho mdani akang'amba chimodzi, zina zimatsala.

N'chifukwa chake luso limeneli linathandiza anthu pa nthawi ya mavuto. Anthu othawa ulamuliro wa tsankho ku South Africa anayambitsa gulu la Medu ku Gaborone, m'dziko la Botswana. Dzina lakuti Medu litanthauza mizu. Mu 1981 gululo linadinda chithunzi cha mayi wokweza chibakera, pa dzanja lake pali unyolo woduka. Tanthauzo lake linali lakuti womangidwa adzamasuka. Pa 14 June 1985 asilikali a South Africa anaukira Gaborone, napha mmisiri Thami Mnyele ndi anthu ena. Gululo linatha, koma zithunzi zake zilipo mpaka lero.

Kuno ku Zambia tinali ndi Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1987. Iye anaphunzira ku Makerere ku Uganda ndiponso ku Düsseldorf ku Germany, ndipo ankasema pa thabwa anthu wamba osonkhana pamodzi. Mu 1986 iye, Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anakhazikitsa Lechwe Trust, bungwe losunga ntchito za amisiri a dziko lino.

Inunso muli ndi nkhani zoti mudinde. Funsani agogo anu za anthu a ku Mozambique amene anathawira kuno nkhondo isanathe mu 1992, ndi momwe anayambiranso kulima.

Tsono nayi ntchito yanu. Aphunzitsi adule mbatata pakati, ndipo mpeni ukhale m'manja mwao okha. Ana ajambule chizindikiro pa mbatatayo, aphunzitsi aseme. Sinjani makala, muwasakanize ndi madzi pang'ono, mupake pa mbatata, mudinde pa pepala. Mungasankhe nkhwazi ya pa mbendera yathu, imene imaimira kukwera pamwamba pa mavuto, kapena chitsa chimene chaphukira mvula itagwa. Pomaliza, mwana aliyense afotokozere anzake chifukwa chimene wasankhira chizindikiro chakecho.