Tilembe Zimene Taona: Udindo wa Alimi Poteteza Voti ku Mangochi

Mawu amene anayankhulidwa m'malo mwa komiti ya bungwe lathu pa msonkhano wa atsogoleri a makalabu a alimi ndi asodzi ku Mangochi boma

 

Tikudziwa kuti ena pobwera amafunsana panjira kuti, kodi bungwe la alimi ndi nkhani ya chisankho zikugwirizana pati? Funso limeneli ndi labwino. Ife si chipani ndipo sitidzakhala chipani. M'chipinda muno muli anthu amene anavotera atsogoleri osiyanasiyana pa 16 Sepitembala 2025, ndipo sitikufuna kudziwa kuti wina anachonga pati. Koma njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Ndale zikavuta, msika umatsekeka, galimoto ya ogula nandolo siifika, usipa umaolera pa thandala. Choposa apo, mlimi akamavota ndi mantha, amene wasankhidwayo sakhalanso ndi chifukwa chomumvera pa nkhani ya mtengo wa feteleza, thonje kapena chimanga.

Zimene Mangochi waona

Boma lino silikusowa womuuza kuti nkhanza za ndale ndi chiyani. Agogo athu amakumbukira Febuluwale 1965, pamene a Henry Masauko Chipembere ndi anthu awo anaukira boma pa Fort Johnston, komanso zimene zinagwera midzi ya kutsidya kwa Shire pambuyo pake. Mu 1971 anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wonse kukatsekeredwa. Ambiri a ife tinabwezedwapo pa chipata cha msika, dengu lili pamutu, chifukwa chopanda khadi la chipani.

Pa 14 Juni 1993 tinasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinavotera boma latsopano. Tinkaganiza kuti chikwapu chatayidwa. Koma mu 2002, pa mkangano woti a Bakili Muluzi ayimenso kachitatu, dzina la ma Young Democrats linali pakamwa pa aliyense chifukwa chomenya anthu otsutsa. Mu Juni 2003, kutatsala chaka kuti tivote, m'tauni ya Mangochi munabuka zipolowe chifukwa cha alendo asanu amene anamangidwa n'kutulutsidwa m'dziko muno powaganizira za uchigawenga. Matchalitchi anaphwanyidwa ndipo panabwera asilikali. Tinaphunzira kuti kuno moto ukayaka suchedwa kulowa m'mipingo, ngakhale kuti Asilamu ndi Akhristu timakwatirana, timaikana maliro ndiponso timakoka khoka limodzi.

Pa 30 Meyi 2014, anthu akufuna kuti mavoti awerengedwenso, apolisi analimbana ndi ochita zionetsero m'tauni muno ndipo munthu mmodzi anataya moyo. Mu Ogasiti 2018 galimoto ziwiri za gulu la UTM zinatenthedwa usiku kuno ku Mangochi, a Saulos Chilima asanachititse msonkhano wawo. Mu Januwale 2019 mayi wina anakakamizidwa kuvula zovala za chipani chake ndi anyamata amene ankaganiziridwa kuti ndi a chipani cholamula cha nthawiyo, ndipo kanema wake anafala pa mafoni dziko lonse. Pa 26 Juni 2025 ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje anakhapa ochita zionetsero, kuphatikizapo a Sylvester Namiwa, apolisi ndi asilikali ali pomwepo.

Taonani bwino mndandanda umenewu. Maboma asintha, mitundu ya nsalu yasintha, koma dandaulo ndi lomwelo. Amene akulira lero ndi amene ankaliza anzawo dzulo. Choncho ntchito imene tikukambirana pano si yolimbana ndi chipani chakuti. Ndi yolimbana ndi khalidwe.

Kuopseza kopanda phokoso

Zimene tatchulazi zinamveka pa wailesi chifukwa panali moto, magazi kapena kanema. Koma kuopseza kumene kumafika pakhomo pa mlimi nthawi zambiri kulibe phokoso. Kumabwera madzulo, ndi munthu amene timamudziwa, mwina mlamu wathu yemwe.

Akuti, "Mudzi uno ukavota molakwika, maina anu achoka pa mndandanda wa feteleza." Akuti, "Bweretsani ziphaso zanu zovotera tilembe manambala kuti mudzalandire chimanga." Mayi wamasiye amauzidwa kuti ndalama za mtukula pakhomo ndi mphatso ya wakutiwakuti, ndipo zikhoza kuima. Wobwereka munda amakumbutsidwa kuti mundawo uli ndi mwini. Mlovi amauzidwa ndi mwini chilimira kuti akaonekanso pa msonkhano wa chipani china asadzakwerenso boti. Agogo amanamizidwa kuti m'malo ovotera muli makina amene amaona pamene munthu wachonga.

Zonsezi ndi kuopseza ovota, ngakhale palibe wamenyedwa. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolowa chipani chimene wafuna, wovota, ndiponso wovota mwachinsinsi. Lamulo la zipani za ndale la 2018 likuletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kunyengerera ovota. Feteleza wotsika mtengo, kuyambira pa sitata paki ya 1998, makuponi a 2005, kufikira AIP ya 2020, wakhala akugulidwa ndi misonkho yathu komanso thandizo la maiko ena. Satuluka m'thumba mwa phungu.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchiona msanga. Kuyambira 1994 chisankho chimachitika mu Meyi kapena Juni, nkhokwe zili ndi kanthu. Tsopano chimachitika mu Sepitembala. Imeneyi ndi nthawi imene chakudya chayamba kuchepa m'nyumba zambiri, tikusosa m'minda, ndipo aliyense akufunsa ngati dzina lake lili pa mndandanda wa zipangizo za ulimi. M'chaka chonga 2024, pamene ng'amba inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, thumba limodzi la chimanga limalemera kuposa manifesito. Munthu wanjala savuta kumuopseza, ndipo andale amadziwa zimenezi.

Chifukwa chiyani ife

Nthawi ya chisankho kumabwera anthu odzaonerera ochokera ku European Union, African Union, SADC ndi Commonwealth. Timawathokoza. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amafika chisankho chitayandikira, amayenda m'misewu imene galimoto ingadutse, ndipo Chiyao sachimva. Kampeni yovomerezeka ndi bungwe la MEC imatenga masiku 60 ndipo imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti tivote, koma kuopseza kumayamba kale pa nthawi ya kalembera ndi pa zisankho za chipulula za m'zipani. Mabungwe monga NICE, CCJP, PAC ndi MESN amayesetsa, koma boma lino linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Sangakhale pa doko lililonse ndi pa chigayo chilichonse. Ife ndiye timakhalapo.

Ndipo kulemba si kwachilendo kwa ife. Kalabu iliyonse ili ndi buku la ngongole. Banki m'khonde ili ndi kaundula. Makomiti a m'madoko, amene anayamba pa nyanja ya Malombe mu 1993, amadziwa amene waponya khoka nyanja itatsekedwa. Luso lomwelo ndi limene likufunika pano.

Kumbukirani zimene zinachitika pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza zotsatira za pulezidenti, ndipo tinavotanso pa 23 Juni 2020. Oweruza asanu aja sanagamule potengera mphekesera za m'minibasi. Anaona mapepala a zotsatira opakidwa tipeksi, anamva mboni zimene zinalumbira. Chimene chinalembedwa ndicho chinayankhula.

Mmene tigwirire ntchitoyi

Choyamba, kalabu iliyonse isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene alibe udindo m'chipani chilichonse. Pakhale mayi chifukwa zimene amayi amachitidwa, monga kutukwanidwa, kuvulidwa chitenje kapena kuopsezedwa ndi amuna awo, sakonda kuziulula kwa abambo.

Chachiwiri, pakhale kope lapadera. Mulembe tsiku, nthawi, malo, chimene chachitika, mawu amene anenedwa monga mmene ananenedwera, ndi anthu amene analipo. Musiyanitse zinthu zitatu: zimene mwaona ndi maso anu, zimene wakuuzani mwini wake wochitiridwayo, ndi zimene mwangomva. Kulemba kuti "achipani akuvutitsa anthu" sikuthandiza. Koma mukalemba kuti "Lachiwiri cha m'ma 4 koloko madzulo, pa bwalo la mudzi wakuti, amuna awiri analemba manambala a ziphaso za amayi amene anabwera ku sikelo," pamenepo wofufuza ali ndi poyambira.

Chachitatu, mulembe za mbali zonse. Ngati amene agwetsa mbendera ndi a chipani chimene inu mumachikonda, mulembe chimodzimodzi. Kope limene limaona ndi diso limodzi lidzatichotsera ulemu tonse, ndipo tsiku limene tidzanene zoona palibe adzatikhulupirire.

Chachinayi, tetezani wodandaula. Musatchule dzina lake pagulu iye asanavomere. Kanema wa mayi amene akuchititsidwa manyazi musamutumize pa WhatsApp. Kutero ndi kumuvulanso kachiwiri. Mupereke kwa ofufuza okha.

Chachisanu, dzitetezeni. Inu si apolisi. Pakabuka ndeu musalowepo, musajambule pamene mukuona kuti mukhoza kuvulazidwa. Chokani, mukalembe muli kunyumba. Moyo wanu ndi wofunika kuposa kope.

Chachisanu ndi chimodzi, mphekesera muziiphera pomwepo. Mukamva kuti mzikiti kapena tchalitchi chatenthedwa kwinakwake, kapena kuti galimoto yanyamula mavoti ochongeratu, imbirani mnzanu wa kalabu ya kumeneko musanauze munthu wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kokatula nkhani

Kope losungidwa pansi pa mphasa silithandiza munthu. Nkhani ya kumenya, kutentha kapena kugwirira ipite ku polisi tsiku lomwelo, ndipo wovulala apite kuchipatala kuti pakhale chikalata. Nkhani za kulandirana mabwalo a misonkhano, mbendera ndi mafumu oletsa zipani zina zipite ku komiti ya zipani zonse ya pa boma, ija timaitcha MPLC, imene wapampando wake ndi bwanamkubwa. Kulinso komiti ya mtendere ya boma. Mangochi, pamodzi ndi Karonga ndi Kasungu, anali m'gulu la maboma oyamba kukhala nayo. Za kugawa katundu zipite kwa mlembi wa zipani za ndale ndi ku MEC. Ngati amene akudandaulidwa ndi apolisi eni ake, kuli bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ife a komiti tidzasonkhanitsa malipoti a makalabu mwezi ndi mwezi, tidzakawatula m'dzina la bungwe kuti munthu mmodzi asaonekere, ndipo tidzabwerera kudzakuuzani yankho limene tapatsidwa, ngakhale litakhala loti sanatiyankhe.

Zopempha zathu

Kwa inu mafumu athu, ndi ulemu wonse: bwalo la mudzi ndi la ana anu onse. Amene mwamuloleza lero mulolezenso mnzake mawa. Andale amabwera n'kupita, koma inu mudzatsala ndi anthu omwewa.

Kwa a boma ndi a zaulimi: maina a olandira zipangizo ndi chakudya aziwerengedwa poyera, aziikidwa pa khoma la ofesi ya EPA, ndipo pogawa pasakhale mbendera kapena nyimbo za chipani.

Kwa apolisi: tikufuna kuona milandu ikufika ku khoti n'kutha, posayang'ana kuti wolakwayo wavala mtundu wanji.

Kwa zipani: atsogoleri anu anasainira mapangano a mtendere pamaso pa bungwe la PAC mu 2014 ndi 2019. Mawu amenewo atsike kuchoka ku Lilongwe afike kwa apampando a m'madera.

Kwa ife makolo: anyamata amene amanyamula miyala ndi zikwanje sachokera kumwamba. Ndi ana athu a kabaza, alovi athu, amene nsomba zikusowa ndipo munda ndi wochepa. Amapatsidwa kachasu ndi ndalama yosakwana ndowa ya chimanga. Akamangidwa, amene anawatuma sazimva. Wonyamula phoso kupita nalo kundende ndi mayi wake. Tiyankhule nawo kunyumba, ndipo tiwatsegulire malo m'makalabu athu.

Pomaliza

Tsiku lovota la pa 16 Sepitembala 2025 linadutsa mwabata, ndipo a Lazarus Chakwera anavomera kugonja pa 24 Sepitembala, MEC isanalengeze kuti a Peter Mutharika apambana. Zimenezi ndi zonyaditsa, ndipo zikuonetsa kuti ziwawa si chibadwa chathu. Koma tisagone. Chisankho chachikulu chikubwera mu 2030, ndipo pakati apa pamakhala zisankho zachibwereza za aphungu ndi makhansala. Pakadafunda padajiwitsa galu. Nkhokwe timamanga chimanga chisanaume.

Choncho mukabwerera, nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano wa kalabu yanu. Musankhe anthu awiri aja, mugule kope, ndipo mutumize maina awo kwa mlembi wa bungwe kudzera kwa wapampando wa dera lanu. Tsamba loyamba mulembepo zimene munaona pa chisankho chapitachi, zisanaiwalike.