Za Kulera Ana Otengedwa Amene Akukula Mocedwa

Mau onenedwa pa msonkhano wa pacaka, pamaso pa Wapampando ndi mamembala.

Mwa mamembala a bungwe lino alipo ambiri amene akulera mwana wosabala okha: wa mlongo wao amene anamwalira, kapena wocokera ku nyumba ya ana amasiye. Kulera kotere si kwacilendo m'midzi muno, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bvuto limadza pamene mwanayo afika zaka zitatu asanalankhule, kapena akhala pansi namangodzigwedeza, kapena abisa nsima m'malaya ngakhale wakhuta. Apo ena amati ngwamwano, ena amati ngwolodzedwa, ndipo mwana amalangidwa pa cinthu cosacita dala.

Zambiri zodziwika za ana otere zinacokera ku Romania. M'caka ca 1966 boma la Nicolae Ceaușescu linaletsa kucotsa pakati kuti anthu acuruke, ndipo umphawi utakula ana zikwi zambiri anasiyidwa m'nyumba za boma, momwe mlezi mmodzi anali kuyang'anira makanda ambiri. Bomalo litagwa m'December 1989, mabanja a ku Britain anatenga ena mwa anawo, ndipo Michael Rutter ndi anzace anatsata ana 165 kufikira atakula. Amene anatengedwa asanakwane miyezi 6 anakula pafupifupi monga ana ena onse. Mwa amene anakhalitsa kuposa apo, ambiri ndithu, ngakhale si onse, anatsala ndi zobvuta: kusakhazikika maganizo, kucedwa kuphunzira, ndi kutsata mlendo ali yense monga kholo lao. Kuyambira m'caka ca 2000, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anayesa nkhaniyi ku Bucharest pa ana 136: theka anaikidwa m'mabanja, theka anatsala. Oikidwa m'mabanja anaposa anzao pa nzeru ndi pa kulankhula, makamaka amene anacoka asanakwane zaka ziwiri. Cosowa m'nyumba zija cinali munthu mmodzi wozolowera kuyankha mwana akalira.

Apa mpamene mwambo wa kuno, ngakhale uli wabwino, nthawi zina umapweteka mwana. Wamasiye amakhala dzinja kwa agogo, malimwe kwa azakhali, kenaka kwa amalume ku tauni, cifukwa abale afuna kugawana katundu wa kulera. Kwa mwana amene wataya kale mai wace, kusamuka kuli konse kuli ngati maliro ena. Nkwabwino kuti abale agawane cimanga, zobvala ndi ndalama za sukulu, koma mwana akhale pakhomo limodzi. Ndiponso mwana wothamangira mlendo ali yense asangoyamikidwa kuti ngwansangala; ameneyo sanadziwe kuti wace ndani, ndipo angathe kutsata munthu woipa pa msika. Miyezi yoyamba, womdyetsa, womsambitsa ndi womgoneka akhale mmodzi kapena awiri okha.

Mary Dozier wa ku Delaware anakonza njira yophunzitsa olera, imene mphunzitsi amayendera banja kakhumi pakhomo pao. Mwa zimene imaphunzitsa, cobvuta koposa ndi ici: mwana wozolowera kusasamalidwa akagwa salira, kapena amakankha womnyamula, ndipo wolera amaganiza kuti safunidwa, nasiya. Ayenera kumtonthoza ndithu, ngakhale mwanayo aonetse msana. Posewera, wamkulu atsate cimene mwana wayamba, asamlande. Ndipo asamuopseze konse, ngakhale mwa nthabwala za fisi kapena za kumbweza kumene anacokera. Wobisa cakudya apatsidwe pa nthawi zosasintha, naloledwe kusunga kambatata kace; kumlanda kumangotsimikiza mantha ace.

Si kucedwa konse kumene kumacokera ku kusasamalidwa. Mwana wosalankhula ayambe wayesedwa makutu ku cipatala. Malungo okwera m'mutu ndi kuperewera kwa zakudya nazo zimabwezera mwana m'mbuyo. Mowa umene mai amamwa ali ndi pakati umaononga ubongo wa mwana; nthendayi anaipatsa dzina Kenneth Jones ndi David Smith m'caka ca 1973. Mwana wotere amaiwala lero cimene anauzidwa dzulo, ndipo ndodo siimkumbutsa. Amathandizidwa ndi mau ocepa, nchito imodzi pa nthawi imodzi, ndi kubwereza kosatopa.

Mamembala acenjerenso ndi macilitso okakamiza mwana kukonda, pomgwira mwamphamvu kapena kumkulunga kufikira agonje. M'caka ca 2000 ku Colorado mtsikana wotengedwa, wa zaka 10, anafa atakulungidwa m'nsaru ndi kupsinjidwa ndi anthu oti akumciza. Awiri mwa iwo analamulidwa zaka 16 m'ndende, ndipo m'caka ca 2001 Colorado inaletsa mcitidwewo.

Kuno kulera mwana wa ena kuli pansi pa lamulo la cisamaliro ndi citetezo ca ana la m'caka ca 2010. Membala amene akulera mwana wobvutika cotere akaonane ndi ofesi ya Social Welfare ku boma, atatenga buku la kusikelo la mwanayo ndi mbiri yonse imene abale akumbukira ya mimba ndi kubadwa kwace.