DENGU LA ZOBVALA LOYENDA PA GUDUMU

Mau a kwa abambo ndi amai a m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi

Nchito ya kumunda ikatha, m'miyezi ya June ndi July, mwini nyumba wanzeru amakonza zipangizo za pakhomo. Cimodzi ca izo ndico dengu losungiramo zobvala zakuda, loyenda pa gudumu monga wilibala. Pakhomo pamene palibe dengu lotere, zobvala zimaunjikidwa pansi. Ciswe cimadya, makoswe amaboola, ndipo mai amasenza mtolo ndi madzi omwe pamutu.

Mtengo wace ngwocepa, pakuti zofunika zambiri zipezeka pamudzi pomwe: nsungwi zokhwima, mitengo iwiri yoongoka ya bulugamu yotalika mita imodzi ndi theka, timatabwa titatu, misomali, mphira ya cubu cakutha, ndi gudumu la kutsogolo la njinga yakale. Timagudumu tating'ono ta m'sitolo tiyenera pa simenti pokha. Pa mcenga ndi pa miyala ya ku mapiri a Vubwi timatitimira kapena kuthyoka.

Nsungwi zidulidwe m'cilimwe, zosacepera zaka 3, cifukwa zanthete zimafumbwa msanga. Atazing'amba, azibviike m'madzi masabata awiri kapena atatu kuti zotsekemera zimene tizirombo timafuna zicoke. Dengu likhale masentimita 60 msinkhu wace, ndi 45 pakamwa. Mmisiri aluke mosiya timipata kuti mphepo izipita, pakuti nsaru yonyowa ndi thukuta ikatsekeredwa imacita nkhungu.

Tsono bambo agoneke mitengo iwiri ija, kutsogolo ayandikanitse, kumbuyo atalikitse kuti apo pakhale zogwirira. Kunsonga za kutsogolo akhomere tizitsulo tiwiri taphanthiphanthi toboola, alowetsemo mtanda wa gudumu ndi kumanga manati ace. Timatabwa akhome copingasa, dengu alimange pamenepo ndi mphira, ndipo kumbuyo aike miyendo iwiri yopaka oilo wakutha kuopa ciswe. Dengu likayandikira gudumu, katundu apepuka m'manja. Cigubu ca malita 20 cilemera makilogalamu 20. Pambuyo pa dengu pasiyidwe malo ace kuti khosi la mai lipume.

M'kati aikemo saka la ufa locapa bwino. Saka limene munali mbeu zothira mankhwala lisalowemo konse.

Pali zobvala za mitundu iwiri zosayenera kulowa m'dengu limeneli. Zoyamba ndizo zimene mlimi anabvala popopera thonje. Izi zicapidwe pazokha tsiku lomwelo, cifukwa mankhwalawo amalowa pa khungu, ndipo akakhudza thewera la mwana ngozi yace njaikuru. Zaciwiri ndizo za munthu wotsegula m'mimba. Izi ziwiritsidwe kapena kubviikidwa m'madzi a kolorini. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'Zambia muno, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Kacirombo kace kamayenda m'madzi oipitsidwa ndi cimbudzi ca wodwala. Cifukwa cace mai acapire kutali ndi citsime kapena mjigo, ca kumunsi kwace. Wodwalayo asasungidwe m'nyumba; apite naye msanga ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca St Francis ku Katete.

Gudumu lithandizanso pa likodzo. Madzi akatha kubwera kunyumba mosabvuta, mai ndi ana sakhalanso ciimire m'dambo mmene muli nkhono zofalitsa nthendayi. Zocapa ziyanikidwe pa cingwe padzuwa, osati pansi, pakuti pali nchenche ina yoikira mazira pa nsaru zonyowa, ndipo mphutsi zace zimaboola khungu. Nsimbi ya makala yotentha bwino imapha mazirawo.

Mwambo wa Kulamba ku Mkaika umacitika kumapeto kwa August, ndipo m'makomo ambiri mumadzaza alendo ndi zocapa. Amene ayamba kudula nsungwi mu June adzafika nyengoyo dengu lace liri loyenda kale. Amene sadziwa kuluka apemphe mmisiri wa pamudzi, ndipo anyamata akhale pomwepo kuti luso lisathe.