Mfumu Kanmu ya ku Japan ndi Mafuko Aŵiri a m'Nyumba Mwake

Madzulo ano tiwoloke nyanja, tikamve za mfumu ina ya ku Japan imene ufumu wake unagwedezedwa ndi zidzukulu zake zomwe.

Mfumuyi dzina lake linali Kanmu, ndipo inalamulira kuyambira mu 781 kufikira mu 806. Ndiyo inasamutsa likulu la dzikolo mu 794 kupita ku Heian, mzinda umene lero ukutchedwa Kyoto. Mafumu anakhala kumeneko kwa zaka zoposa 1,000.

Koma kunyumba yachifumu kunali vuto. Mafumu ankakwatira mitala, ana nkuchuluka, ndipo chuma chodyetsera akalonga onsewo chinkaperewera. Tsono nzeru imene inapezeka inali yakuti ena mwa anawo achotsedwe pa mndandanda wa banja lachifumu, apatsidwe chiwongo, akadzisakire okha moyo. Kumbukirani kuti banja lachifumu la ku Japan lilibe chiwongo. Wolandira chiwongo ndiye kuti watsika kukhala mdzakazi wa mfumu.

Mu 814 Mfumu Saga, mwana wa Kanmu, inapatsa ana ake ena chiwongo cha Minamoto. Mu 825 mdzukulu wina wa Kanmu, Takamune, analandira chiwongo cha Taira, ndipo mu 889 Takamochi nayenso anachilandira. Ambiri mwa mbadwa za anthu aŵa anapita kumaboma akutali, nakapeza minda, akavalo ndi ankhondo aoao. Posakhalitsa anakula mphamvu kuposa nduna za kulikulu, kotero kuti mu 939 Taira no Masakado anaukira boma nadzitcha mfumu yatsopano. Anaphedwa mu 940.

Patapita zaka zoposa 200, Taira no Kiyomori anakhala nduna yaikulu mu 1167, ndipo mu 1180 analonga mdzukulu wake Antoku, mwana wakhanda, pampando wachifumu. Chaka chomwecho a Minamoto anatola zida. Nkhondo inatha mu 1185 panyanja ya Dan-no-ura, pamene a Taira anagonja. Agogo ake aakazi a Antoku, poona kuti zinthu zaipa, anafukata mwanayo nadziponya naye m'madzi.

Wopambana, Minamoto no Yoritomo, anali wa mbumba ya Mfumu Seiwa, imenenso inali mbadwa ya Kanmu. Iye anakhazikitsa boma la asilikali ku Kamakura, ndipo mu 1192 analandira udindo wa shogun. Mfumu inatsala ndi ulemu, koma mphamvu zinapita kwa ankhondo, ndipo kwakukulukulu zinakhala choncho kufikira mu 1868.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Komabe ku Dan-no-ura omwe anaphana anali magazi amodzi, ana amene makolo ao anatulutsidwa m'nyumba pofuna kupulumutsa chuma.