Kuvina kwa Alimi a ku Texas

 Masiku ena timakamba za manyowa, za mizere ndi za nkhokwe. Lero tikambe za kuvina, pakuti mmenemonso muli kanthu koti mlimi atolepo.

Ambiri a inu mumazidziwa nyimbo za country. Mawu a Jim Reeves, amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1964, ndi a Don Williams, amene anadzaimba ku Harare mu 1997, akhala akumveka pa wailesi kwathu kuno zaka zambiri. Nyimbozi kwawo ndi kumidzi ya kummwera kwa dziko la America, ndipo oyamba kuziimba anali anthu a munda ndi ng'ombe monga ife. Zoimbira zawo zinali vayolini, gitala ndi banjo, ndipo banjoyo anayambitsa ndi anthu a mu Africa amene anatengedwa ukapolo. Mu 1927, m'tauni ya Bristol, bambo wina dzina lake Ralph Peer anajambula mawu a Jimmie Rodgers ndi a banja la Carter, ndipo malekodi awo anafalitsa nyimbozi kutali.

Ife kawirikawiri timazimvera titakhala pansi, koma eni ake amazivina awiriawiri, mwamuna ndi mkazi. M'chigawo cha Texas alimi ochokera ku Germany ndi ku dziko la Czech anamanga nyumba zazikulu za matabwa zosonkhaniramo. Ku Cat Spring anakhazikitsa bungwe la alimi mu 1856, ndipo pambuyo pake anamanga nyumba yokambiramo za ulimi ndi kuviniramo. Nyumba ina, yotchedwa Gruene Hall, inamangidwa mu 1878, ndipo anthu akuvinamobe mpaka lero. Kumagule otere ankapita banja lonse, agogo ndi adzukulu omwe.

Gule wawo wamkulu amamutcha two-step. Mwamuna agwira dzanja lamanja la mkazi ndi dzanja lake lamanzere, ndipo lamanja aliika pamsana pa mkaziyo, cha paphewa. Iye ayamba ndi phazi lamanzere kupita kutsogolo, mkazi ayamba ndi lamanja kubwerera m'mbuyo. Aponda kawiri mofulumira, kenaka kawiri modekha, nabwerezabwereza chomwecho. Ovina onse azungulira bwalo molowera mbali imodzi kuti asagundane.

Tsono pali funso limene amafunsa ku Texas, nafenso timafunsa kuno. Kodi kulondola kagundidwe ka nyimbo ndi mphatso imene ena okha anabadwa nayo? Timamva munthu akuti, "Ine mapazi anga ndi olemera, sindinabadwe nalo luso limenelo." Mu 2009 akatswiri a ku Hungary ndi ku Netherlands anayesa makanda a masiku owerengeka pakuwamvetsa kulira kwa ng'oma. Akadumphitsa kugunda kumodzi kofunika, ubongo wa khandalo unali kuzindikira kuti kanthu kasowa. Chotero mbewu yake ili mwa munthu chibadwire. Chimene chimasiyanitsa anthu ndicho kuisamalira mbewuyo. Mwana amene anakula akumva gule ndi kuvina ndi makolo ake amaoneka ngati anabadwa nazo, koma anaphunzira pang'onopang'ono osadziwa.

Taonani amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika, wina ukukwera, ndipo sigundana. Mtsikana woyamba kumene amaphonya, koma pakupita kwa masiku manja ake amamva okha. Kuvina awiri nkotero. Uyenera kumvera nyimbo, uyeneranso kumvera mnzako. Wotsogolera akakoka mwamphamvu, kapena akatambasula mwendo kopambana mnzake, onse awiri apunthwa. Nchifukwa chake ophunzitsa guleyu amayamba ndi kuombetsa m'manja, kenaka kuyenda chabe motsata nyimbo ndi mapazi aafupiafupi, ndipo zotembenuka zimadza pambuyo.

Ndanena zonsezi chifukwa mawu omwewo akuti "sindinabadwe nalo luso" timawamvanso kumunda. Wina akana kugwira pulawo, wina akana kuphunzitsa ng'ombe goli, wina aopa kukonza mizere yopingasa pamtsetse, ati zimenezo nza anthu a mphatso. Iai, anzanga. Ngakhale ng'ombe ziwiri za pagoli sizinabadwe zikudziwa kuyendera pamodzi. Zimaphunzitsidwa pang'ono tsiku ndi tsiku, yozolowera ikuyenda pambali pa yachilendo.

Inu mafumu ndi nyakwawa, pempho langa ndi ili. Pamene achinyamata akuphunzira, kaya ndi pabwalo la gule kaya ndi pamunda wachitsanzo, letsani anthu kuwaseka akaphonya. Muikeni wosadziwa pambali pa wodziwa, ndipo wodziwayo achepetse liwiro lake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.